Kudendekera: Mmene Thupi Limaphunzirira Luso

M'miyezi yozizira, manachesi akapsa, msewu wa M6 pa Mwanza umasanduka msika. Basi ikangoima, kaya ndi minibasi yothera pa boma kaya ndi zikuluzikulu zija zopita ku Harare ndi ku Johannesburg kudzera pa Zobue, amayi amathamangira kumawindo madengu ali pamutu. Taonani mmodzi mwa iwo. Mwana ali kumbuyo. Dzanja lamanja likupereka jumbo ya zipatso kwa munthu wa pawindo, lamanzere likumasula mfundo ya chitenje kuti atulutse chenji. Maso ali pa wogula wina, khutu lili kwa wakabaza amene akuliza belu kumbuyo kwake. Wapatuka, waponda pamwala, wapendama pang'ono, wabwerera. Dengu lija, lopanda dzanja lolichirikiza, lili phee pankhata ngati analikhomera ndi msomali.

Mukawafunsa kuti, "Mayi, mumatani kuti lisagwe?" adzakusekani. "Kuzolowera basi, achimwene. Tinayamba tili ana." Yankholi ndi loona, koma likusiya funso lalikulu pambali. Chizolowezicho chimakhala pati? Mwini wakeyo sangachifotokoze. Mwana wake wamkazi sangachitole pongomvetsera, ngakhale atamulangiza usiku wonse. Ena amati chili m'khosi, monga timanenera za mmisiri kuti "manja ake ndi aluso". Koma khosi ndi manja ndi antchito chabe. Wogawa ntchitoyo ali kwina, ndipo si mmodzi.

Mawaya a m'thupi

Chichewa chathu chimatisokoneza pang'ono apa. Njira ya magazi timaitcha mtsempha. Chingwe cholimba cha kuchidendene timachitchanso mtsempha. M'nkhani ino tikamati mitsempha tikunena mtundu wachitatu, timaulusi toyera tonyamula uthenga. Aliyense amene anadulapo msana wa mbuzi anaona gwero lake: m'kati mwa mafupawo mumadutsa chingwe choyera chofewa, chosakhala mnofu komanso chosakhala mafuta. Chingwecho ndi ubongo womwewo umene watsetsereka kuchokera m'chigaza. Mwa munthu chimatulutsa mitsempha 31 mbali iyi ndi 31 mbali inayo, ndipo imeneyo imagawikagawika mpaka kukafika kunsonga ya chala chakuphazi.

Mu ubongo wa munthu muli maselo onyamula uthenga pafupifupi 86 biliyoni. Uthengawo ndi kamphamvu ka magetsi, koma suthamanga ngati magetsi a m'mawaya a ESCOM. Mu 1850 Hermann von Helmholtz wa ku Germany anayeza liwiro lake pa mwendo wa chule, napeza kuti ndi mamita pafupifupi 30 pa sekondi. Mwa ife, mitsempha yonenepa, yokutidwa ndi kachikopa ka mafuta, imaposa mamita 60 pa sekondi, pomwe yowonda kwambiri, yonyamula ululu wonyeketa uja, imangokwawa pa mita imodzi. Ndi chifukwa chake mukapunthwa pachitsa mumayamba mwamva kugunda, n'kukhala ndi kamphindi kodziwa kuti zoopsa zikubwera, kenako ululu n'kufika. Kuchedwa kumeneku mukusunge, pakuti nkhani yonse ya luso yagona pamenepo.

Mtsempha ukafika pamnofu sulumikizana nawo mwachindunji. Pamatsala kampata kakang'ono zedi, ndipo mtsempha umalavulirapo timadzi totchedwa acetylcholine. Mnofu ukalandira timadzito umakokana, ndipo nthawi yomweyo timadzito timaphwanyidwa kuti mnofu umasuke. Poizoni wa tameki ndi mankhwala ambiri opopera m'dimba amatsekereza kuphwanyidwako. Uthenga umangolirabe osaleka, minofu imanjenjemera, dovu limatuluka, ndipo minofu yopumira ikalema munthu amafa. Kafumbata naye amapha mwa njira yofananako, ngakhale iye amagwira m'chingwe cha msana: amadula mabuleki. Mnofu sudziwa kukankha, umangodziwa kukoka, choncho minofu imagwira ntchito iwiriiwiri. Kuti mupinde chigongono, wakutsogolo ukoke, wakumbuyo ulekerere. Kafumbata akaletsa uthenga wolekererawo, yonse imakoka pamodzi, nsagwada n'kumangika, msana n'kupindika ngati uta.

Nkhuku yopanda mutu

Mwana aliyense wakumudzi amene anatumidwapo kupha nkhuku, n'kuilekerera msanga, akudziwa zimene zimachitika. Mutu uli apo, thupi likuphupha, mwinanso kuthamanga ndithu mpaka kuseri kwa nkhokwe. Ubongo palibe, koma miyendo ikusinthana bwinobwino. Mu 1911 Thomas Graham Brown wa ku Scotland anaonetsa pa amphaka kuti kusinthana kwa miyendo kumeneku kumalukidwa m'chingwe cha msana momwemo. Ubongo umangolamula kuti tiyeni, kapena fulumirani, kapena imani.

Mukaponda minga, phazi limanyamuka musanadziwe n'komwe kuti mwabayidwa. Uthenga wakwera kufika kumsana, wabwerera pomwepo. Chimene ambiri sazindikira n'chakuti pa kanthawi komweko mwendo winawo umalimba kuti ulandire thupi lonse, apo ayi bwenzi mutagwera paminga pomwepo. Dokotala akamagogoda pansi pa bondo ndi kanyundo ka labala, amakhala akuyesa njira yachidule ngati imeneyi. Ili ngati mlandu waung'ono umene nyakwawa amathetsa yekha osavutitsa gogo chalo.

Kwa gogo chaloyo kumapita nkhani zofuna kusankha. Pamwamba pa ubongo, kuchokera paliwombo kutsikira chakukhutu mbali zonse ziwiri, pali kachigawo kamene kamatumiza malamulo kuminofu. Anakatulukira mu 1870 ndi Gustav Fritsch ndi Eduard Hitzig ku Berlin, pogunda ubongo wa galu ndi magetsi ofooka n'kuona mwendo ukugwedera. Pambuyo pake dokotala wa maopaleshoni Wilder Penfield, ku Montreal, anachita chimodzimodzi pa odwala khunyu ali maso, popeza ubongo pawokha sumva ululu. Mapu amene anafalitsa mu 1937 ndi oseketsa. Malo sagawidwa potengera kukula kwa chiwalo. Msana wonse ndi ntchafu zapatsidwa kamunda kakang'ono, pomwe zala, milomo ndi lilime zatenga dimba lonse. Kumene kukufunika ntchito yosamala ndi kumene kwachuluka antchito. Malamulowa akamatsika, ochuluka amadutsana pamwamba pa khosi, kotero mbali yakumanzere ya ubongo imayendetsa dzanja ndi mwendo wakumanja.

Kumva kumene sitikuwerenga

Kusukulu anatiphunzitsa kuti munthu amadziwa zinthu m'njira zisanu: kuona, kumva, kununkhiza, kulawa ndi kukhudza. Anasiya imene mayi wa dengu uja amadalira kuposa zonse. Tsinzinani, mukweze dzanja, mugwire mphuno. Simunaphonye. Mwadziwa bwanji pamene dzanja linali? M'kati mwa minofu ndi molumikizana mafupa muli timaselo tomwe nthawi zonse timauza ubongo kuti mnofu uwu watanuka chonchi, bondo lapindika chonchi. Charles Sherrington wa ku England ndi amene anakupatsa dzina kumva kumeneku mu 1906, kuti proprioception. Ife tingoti kudzimva kwa thupi.

Timangokuzindikira kukasowa. Mukakhalitsa pamphasa pamaliro, mwendo n'kuchita dzanzi, mphamvu zimakhala zilipo koma mumaponda ngati mwendowo ndi wobwereka. Ian Waterman, mnyamata wa ku Britain wogwira ntchito m'butchala, anadwala mu 1971 ali ndi zaka 19, ndipo dzanzi lotere linamugwira kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, osachokanso. Minofu yake inali yabwinobwino. Anaphunziranso kuyenda poyang'anitsitsa chiwalo chilichonse ndi kuchilamula ndi maganizo, phazi ndi phazi. Magetsi akazima mwadzidzidzi, ankagwa pansi ngati thumba.

Kumva kwina kuli m'kati mwenimweni mwa khutu, momwe muli timachubu titatu topindika todzaza madzi. Mutu ukatembenuka, madziwo amatsalira pang'ono n'kupinda timaubweya, ndipo ubongo umadziwa kumene mwatembenukira. Ana akamazungulirazungulira pabwalo n'kuima mwadzidzidzi, madzi aja amapitirirabe kuyenda, ndiye chizungulire chimenecho. Kuti muone ntchito ya timachubuti, tibwerere kwa nkhuku, koma yamoyo tsopano. Inyamuleni ndi manja awiri, muisunthe thupi pang'onopang'ono uku ndi uku. Mutu wake umatsala pamalo amodzi ngati wapachikidwa m'mwamba. Wodendekera amachita zofananako. Chiuno chikugwedezeka, mawondo akulandira mabampu a njira, koma mutu ukuyandama mosalala, ndipo minofu ya m'khosi ikukonza timapendapenda tating'onoting'ono kambirimbiri iye osadziwa.

Akatswiri anachitapo chidwi ndi kasenzedwe kameneka. Mu 1986 Geoffrey Maloiy wa ku yunivesite ya Nairobi, Norman Heglund ndi anzawo anayeza mpweya umene amayi a Chiluo ndi a Chikikuyu ankagwiritsa ntchito poyenda atasenza. Anapeza kuti katundu wofika pa gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi ankamunyamula osaonjezera mphamvu. Ndiye kuti mayi wolemera makilogalamu 60 angasenze makilogalamu 12 ngati sanasenze kanthu. Nkhaniyi inatchuka kwambiri, mwina mopitirira, pakuti amayi amene anayezedwawo anali ochepa. Mu 2010 Ray Lloyd ndi anzake anayeza amayi a Chixhosa ku South Africa, napeza kuti mwayi wotero si wa aliyense, ndipo ambiri anadandaula kuwawa kwa khosi. Kwa ine kafukufuku wachiwiriyu akumveka ngati zimene timamva kumjigo. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, kupitirira malire aja, ndipo luso silifewetsa mafupa a m'khosi. Tiziyamikira kudendekera, koma mjigo ukhale pafupi.

Ubongo umalosera

Tibwerere ku kuchedwa kuja. Kuti munthu aone chinthu, aganize, asunthe dzanja, pamapita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Dengu lopendama silidikira nthawi yonseyo. Mayi uja akanati azidikira kumva kuti dengu lapendama ndiyeno n'kukonza, manachesi akanakhala ali mbwee pamsewu tsiku lililonse. Chimene ubongo umachita ndi kulosera. Usanatumize lamulo, umakhala utawerengera kale zimene ziti zichitike, n'kukonzeratu minofu ina. Musanakweze mkono, minofu ya m'miyendo ndi ya m'mimba imayamba ndiyo kulimba.

Kuloseraku mungakugwire pamene kwalakwa. Mwaona chigubu pakhonde, mukuyesa n'chodzaza, mwachinyamula ndi mphamvu, n'kupeza mulibe kanthu: mkono umauluka m'mwamba mpaka kudzichititsa manyazi. Mukutsika masitepe mumdima, mukuyesa kwatsala imodzi pomwe atha: phazi limamenya pansi mwa mtundu wina. Ndiponso yesani kudzigirigisha nokha kukhwapa. Sizitheka, chifukwa ubongo walosera kale pamene zala zanu zigunde, ndipo chimene walosera umachizimitsa.

Mbali yaikulu ya ntchito imeneyi imachitikira m'kaubongo ka kunkhongo, kamene m'mabuku a zachipatala amakatcha cerebellum. N'kakang'ono, gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa ubongo, komabe maselo anayi mwa asanu alionse onyamula uthenga mu ubongo ali mmenemo. Kamalandira kope la lamulo lililonse lopita kuminofu, kamalandiranso malipoti ochokera m'minofu, m'maso ndi m'khutu, n'kumafananiza chimene chimayembekezeka ndi chimene chachitika. Kachasu amakagwira msanga kaubongo kameneka. Woledzera mphamvu amakhala nazo, angathe kumenya munthu, koma amayenda motangadza miyendo, amadzandira, amaphonya chitseko, lilime limalemera. Wowerengera uja wagona.

Kusiyana kwa choyembekezeka ndi chochitika ndiye mphunzitsi. Nthawi iliyonse pamene ulosi waphonya, uthenga wapadera umafika pa maselo akuluakulu a m'kaubongoka n'kusintha pang'ono mphamvu ya malumikizidwe ake, kotero ulosi wotsatira umayandikirako. David Marr analemba ganizoli mu 1969, ndipo Masao Ito wa ku Japan anapeza umboni wake mu 1982. Munthu akavala magalasi okhotetsa zinthu kumanja n'kumagenda chandamale, miyala yoyamba imapita kumbali, kenako imabwerera pang'onopang'ono mpaka kulasa. Akavula magalasiwo amaphonyanso, koma tsopano mbali inayo, ngakhale akudziwa bwino kuti wavula. Nzeru zake zikudziwa, koma mkono ukutsatira ulosi watsopano. Odwala amene kaubongo kawo kanawonongeka amangophonyabe osasintha.

Ndiye kamtsikana kakamatsatira amayi ake kuchitsime ndi kachitini pamutu, madzi n'kumakhavukira kumaso, sikakusewera chabe. Dontho lililonse lotayika likulembedwa kunkhongo. Ndimamva chisoni ndikaona mwana akukalipiridwa, mwinanso kulandira khofi, chifukwa wataya madzi. Akamaopa amaumitsa khosi ndi mapewa, nagwira chitini ndi manja onse awiri, ndipo kuphonya kumene kukanamuphunzitsa sikuchitikanso. Makanda alibe mantha amenewa. Karen Adolph ndi anzake ku New York University anawerenga mu 2012 kuti ana a miyezi 12 mpaka 19 akamasewera amaponda mapazi oposa 2,300 pa ola, n'kugwa pafupifupi ka 17 pa ola lomwelo. Amadzuka n'kupitiriza. Ndipo makolo odera nkhawa adziwe kuti bungwe la WHO, litatsata ana athanzi m'maiko asanu kuphatikizapo Ghana, linapeza mu 2006 kuti ena amayamba kuyenda okha pa miyezi 8, ena mpaka pafupifupi 18, ndipo ochepa sakwawa n'komwe.

Nyundo ya wosula

Anthu ambiri amaganiza kuti kuphunzira luso ndi kubwereza chinthu chimodzimodzi mpaka chikhazikike ngati chidindo. Nikolai Bernstein anaonetsa kuti si choncho. M'zaka za m'ma 1920 ku Moscow, anamangirira timababu pamkono wa amisiri omenya tchizulo ndi nyundo, n'kuwajambula. Anapeza kuti phewa, chigongono ndi dzanja sizinkayenda njira imodzi kawiri. Kumenya kulikonse kunali kosiyana ndi kunzake, koma nyundo inkagwerabe pamutu pa tchizulo. Chimene mmisiri waphunzira si njira imodzi ya mkono. Waphunzira kupeza njira yofikira pomwe akufuna, kulikonse kumene mkono wayambira.

Onani amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Mphale ikucheperachepera, thukuta likuterereka pamunsi, wina watopa, wina waponya munsi m'mwamba n'kuomba m'manja, koma minsi sigundana. Onani wolima pamtunda wa ku Thambani, pomwe khasu likumana ndi mwala apa, muzu apo, dothi lofewa patsogolo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Wophunzira kupalasa amene amangozungulira pabwalo losalala la sukulu amaoneka wodziwa msanga, koma tsiku lokumana ndi mchenga ndi chitunda amayambanso pachiyambi.

Bernstein anaonanso kuti wongoyamba kumene amaumitsa ziwalo zambiri kuti achepetse zoyang'anira. N'chifukwa chake wophunzira njinga amakhala gwa, mapewa m'mwamba, maso patayala, ndipo mukamulankhula amagwa. Nzeru zake zonse zili pantchito. Masiku akamapita, ntchitoyo imasamukira m'zigawo zakuya za ubongo zimene zimasunga zizolowezi, ndipo timadzi totchedwa dopamine timathandiza kudinda kachitidwe kamene kapindula. Maselo opanga timadziti akafa munthu amadwala matenda a Parkinson, aja anagwira katswiri wankhonya Muhammad Ali: manja amanjenjemera, thupi limauma, ndipo kungoyamba kuyenda kumavuta.

Wakabaza wozolowera amapalasa atanyamula munthu ndi thumba la ufa, uku akukamba za mpira. Mufunseni mmene amakhotera kumanzere, adzati, "Ndimangopinda handulo kumanzere." Sizoona. Njinga ikamathamanga, kuti ikhotere kumanzere amayamba waipotoza pang'ono zedi kumanja, njinga n'kupendamira kumanzere, ndiyeno n'kukhota. Amachita zimenezi kambirimbiri pa tsiku koma mukamuuza angakutsutseni mpaka kulumbira. Kudziwa kwa pakamwa ndi kudziwa kwa thupi kumasungidwa m'nkhokwe zosiyana. Umboni wake wodabwitsa unachokera kwa Henry Molaison wa ku America, amene mu 1953 anamuchotsa zigawo zina za ubongo pofuna kuchiza khunyu, ndipo kuyambira pamenepo sankakumbukiranso zatsopano zomuchitikira. Brenda Milner anamupatsa ntchito yolondola mizere ya nyenyezi ndi pensulo akuyang'ana pagalasi. Kwa masiku atatu dzanja lake linkapita patsogolo, koma tsiku lililonse iye ankati sanaionepo ntchitoyo.

Tulo nato timagwira nawo ntchitoyi. Chimene munavutika nacho madzulo kawirikawiri chimafewa m'mawa, chifukwa ubongo umakhazikitsa usiku zimene unaphunzira masana. Kuyeserera pang'ono masiku ambiri kumaposa kudzipha tsiku limodzi.

Waya ukaduka

Pamene padukira pamaoneka ndi mmene chiwalo chafera. Poliyo amapha maselo a m'chingwe cha msana amene amalankhula mwachindunji ndi mnofu. Mwendo umalobodoka, umaonda, koma ukautsina mwana amamva. Mwa ana pafupifupi 200 otenga kachilomboka, mmodzi ndi amene amafa ziwalo. Dziko la Malawi linakhala osaona poliyo wakutchire kuyambira 1992, ndipo Africa yonse inalengezedwa kuti yathana naye mu Ogasiti 2020. Koma pa 17 Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe wapezeka naye, kachilombo kake kofanana ndi ka ku Pakistan. Mu Meyi chaka chomwecho anapezekanso m'chigawo cha Tete, tsidya lina la malire a Mwanza, ndipo odwala kumeneko anafika 8. Ndi chifukwa chake alangizi a zaumoyo ankabwerezabwereza khomo ndi khomo ndi timadontho ta katemera tija, mpaka makolo ena kutopa nawo. Mliriwo unalengezedwa kuti watha mu Meyi 2024.

Waya ukadukira kumtunda, pakati pa ubongo ndi msana, chiwalo chimauma m'malo molobodoka, popeza nyakwawa uja watsala wopanda womuletsa. Mu chilala cha 1981, anthu oposa 1,000 m'chigawo cha Nampula ku Mozambique anauma miyendo mwadzidzidzi, n'kumayenda chonyang'ama ndi zala, mawondo akugundana. Kumeneko anawatcha matendawa mantakassa, kwina amati konzo. Gwero lake linali chinangwa chowawa chodyedwa chisanaviikidwe mokwanira, anthu alibe ndiwo zopatsa thanzi. Amayi amene amaviika chinangwa masiku angapo asanasinje kondowole amateteza mitsempha ya ana awo.

Koma chimene chikugwetsa akuluakulu ambiri masiku ano ndi sitiroko. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka sankadziwa. Njira ya magazi ikatsekeka kapena kuphulika mu ubongo, kachigawo kamene inkadyetsa kamafa. Bambo amene dzulo anali kudimba lero kamwa yapotoka, mkono ndi mwendo wakumanja zafa, mawu sakutuluka. Pamudzi pamayamba manong'onong'o akuti amumenya ndi hamala yamatsenga. Komatu mwaona kale chifukwa chake mbali imodzi yokha ndi imene yafa, ndipo mawu apita limodzi ndi dzanja lamanja chifukwa mwa anthu ambiri chigawo cha kulankhula chili kumanzere kwa ubongo. Tsiku limenelo njira ndi ya kuchipatala cha boma, msangamsanga.

Maselo amene afa sadzukanso. Koma oyandikana nawo angathe kuphunzira ntchito ya malemuwo, ndipo amaphunzira monga momwe kamtsikana ka chitini kaja kanaphunzirira: poyesa, pophonya, pobwereza mosinthasintha. Miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira ndi imene ubongo umakhala wofewa kwambiri. Akatswiri a mafizo, amene tsopano amaphunzitsidwa konkuno ku yunivesite ya KUHeS, ntchito yawo ndi imeneyi. Bungwe la MAP, lomwe linayamba ndi dzina loti Malawi Against Polio, lakhala likuthandiza olumala kwa zaka zambiri, ndipo ku Blantyre kuli chipatala cha Kachere cha ntchito yomweyi. Koma kuchokera pa Mwanza kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo wa ku Kunenekude ayambe wafika kaye pa boma. Kotero mafizo ambiri amachitikira pakhonde, m'manja mwa akubanja.

Apa ndi pamene chikondi chimatha kulakwitsa. Edward Taub wa ku America anaonetsa kuti mkono wofooka ukasiyidwa, ubongo umaphunzira kuusiya. Wodwala wayesa, walephera, wagwiritsa ntchito dzanja labwinolo, zatheka, ndipo phunziro limene lalembedwa n'lakuti dzanja lija n'losafunika. Mphamvu zikamabwerera pang'onopang'ono, iye salifunanso. Ife pachikhalidwe chathu sitingaonerere agogo akulimbana ndi mbamu ya nsima. Timawasambitsa m'manja, timawatemera, timawadyetsa, timawagoneka pamphasa tsiku lonse kuti apume. Wa mafizo akabwera amanena zomveka ngati nkhanza: asiyeni ayese okha.

Ndiye mdzukulu amaika lichero la nyemba patsogolo pa agogo, ndi kambale pambali. "Agogo, tolani ndi dzanja ili." Zala zikunjenjemera, zatseka msanga, nyemba yathawa. Kachiwiri zaigwira koma zakana kumasula. Mawa adzatola mtedza, mkuja zitsekerero za mabotolo, tsiku lina adzayesa kusenda nachesi, limene khungu lake limafuna chala chachikulu. Mpongozi waima pakhomo la khitchini, manja akumuyabwa kufuna kuthandiza. Nyemba yachitatu yagwera m'kambale, yalira kuti ngwe.